Nkhope ya Esinati ndi Kampango Koyera

Tsiku limene ankatsanzikana nane pa esiteti, mu 2009, bwana woyang'anira za chisamaliro cha antchito anawerenga mawu a papepala. Pepalalo ndili nalo. Ndinalipempha mwambo utatha, ndipo lili m'sutikesi yabuluu ija ndimakuletsani kukhalira. Anatchula zosoka, zophika, dimba la amayi ndi sikelo ya ana. Atafika kumapeto anati, "Mayi Nakhumwa analinso ndi kamasewera kawo kopakapaka akwatibwi." Anthu anaseka. Ine ndinangomwetulira chifukwa ndinaleredwa bwino, koma mawu akuti kamasewera andikhala pakhosi mpaka lero. Choncho ana anga, mutu uno ndikulemba kuti mudziwe kuti masewerawo anali otani.

1994

Ndinayamba ntchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo ngati mlangizi wa amayi, nditasiya kusoka pakhonde la sitolo ku Bvumbwe. Ntchito yanga inali yophunzitsa akazi a antchito ndi amayi othyola tiyi kusoka, kuphika ndi kusamala ana, masana akaweruka. Tinkakumana mu holo ya esiteti, momwe munali makina osokera awiri, amodzi opanda lamba. Lambayo ndinamupempha m'makalata mpaka ndinatopa, ndipo makope a makalatawo alimo m'sutikesimo ngati wina angadzatsutse.

Bwana wanga anali a Chimwaza, munthu wosavula jekete ngakhale mu Okutobala. Iwo ankakhulupirira kuti chinthu chimene sichinalembedwe pa silabasi, ndiye kuti kulibe. Pa nkhani yosunga mapepala tinkagwirizana. Pa zina zonse tinkasiyana.

Chaka chimenecho dziko linkasintha tikuona. Atsikana anayamba kuvala mathalauza osaopa, masaluni ankangotsegulidwa ku Limbe, ndipo tsiku la malipiro ogulitsa ankafika pa esiteti ndi zikwama zodzaza timagalasi, paudala ndi zopaka mmilomo. Ine sindinkazilabadira. Ndinkangosoka madiresi a ukwati, za kumaso ndinkati n'za eni ake.

1996

Chimene chinanditembenuza ndi chinkhoswe cha mtsikana wina wa kumalayini a nyumba za antchito, Felesiya, amene ndinamusokera chovala. Azakhali ake anabwera kuchokera ku Limbe ndi kachikwama ka zophoda, nadzitsekera naye m'chipinda. Mukudziwa mmene zimakhalira pa chinkhoswe: atsikana angapo amawafunditsa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumawatulutsa mmodzimmodzi kuti akuchimuna aloze wawo. Woyamba anamuvundukula, akuchimuna n'kukana. Wachiwirinso chimodzimodzi. Wachitatu anali Felesiya weniweni. Atamuvundukula, malume ake a mnyamata, nkhalamba ina imene inali mlonda kufakitale, anaimirira, namuyandikira, namuyang'ana kwa kanthawi.

"Pepani azibambo ndi azimayi," anatero, "uyunso m'bwezeni. Ife tinadzapempha mwana wakuda bwino uja. Uyu ndiye wagwera m'thumba la ufa kuchigayo."

Anthu anagwa nacho chiseko. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "M'pukuteni tione, mwina ali mkatimo!" Felesiya anaweramitsa mutu, misozi n'kutsegula tinjira tiwiri takuda pa nkhope yotuwayo. Ukwati unachitika ndithu, koma dzina lakuti Nachigayo linamukakamira mpaka anasamuka pa esiteti.

Ine sindinaseke. Osati chifukwa cha chifundo chokha, koma mutu wanga unali utagwidwa ndi funso. Azakhaliwo sanali opusa, ndipo dzanja lawo silinali lolemera kwenikweni. Nanga chinalakwika n'chiyani? Ndinawapempha kachitini ka paudalako kuti ndikaone. Pachivindikiro panali chithunzi cha mkazi woyera ngati mkati mwa chinangwa. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti amene anapanga paudalayo sanaonepo Felesiya, sanaonepo ine, ndipo sankatiganizira n'komwe. Ndinakwiya, ndipo ine ndikakwiya ndimayamba kufufuza.

1997 mpaka 2001

M'sitolo zonse zimene ndinkakwanitsa kufika, paudala anali woyera kapena wotuwira. Wa khungu lathu ankapezeka mwa apo ndi apo, ndipo ukabwerera mwezi winawo umapeza watha. Ndiye ndinayamba kusakaniza ndekha. Choyamba ndinayesa fumbi la tiyi, lija limatsala pansi posefa kufakitale. Mtundu wake unali wabwino koma linkayabwa. Kenako ndinayesa koko. Ameneyu anandinamiza, chifukwa m'nyumba ankaoneka bwino zedi, koma kungotuluka panja ntchentche zinkabwera ngati zaitanidwa. Woyeserapo wanga anali malemu bambo anu, popeza mkono wawo unali wakuda kuposa wanga.

"Amayi," anatero tsiku lina ali pakhonde, mkono uli ndi mizeremizere ngati mbidzi, "ine ndinakukwatirani kale. Mukundikonzanso kuti ndikakwatiwe kuti?"

"Khalani phee, mukugwedeza."

"Nanga koko wa ana uja n'chifukwa chake akutha msanga?"

Chimene chinagwira ntchito ndi katondo, dothi lofiira lomweli timapondali. Ndinkakumba la pansi ndithu pamene sipafika zinyalala, kulisungunula m'madzi, kusiya mchenga ukhale pansi, kuumitsa lofewa la pamwambalo, kulikazinga m'chiwaya mpaka litada, n'kulisefa pa kansalu ka velo. Ukakazinga pang'ono limafiirira, ukakazinga kwambiri limadera. Ndikasakaniza ndi paudala wa m'sitolo ndinkapeza mitundu yosiyanasiyana, ndipo mtundu uliwonse ndinkaupaka pa kapepala n'kulemba dzina la mwini khungu. Timapepala timeneto mudzatipeza, musadzatiyese zinyalala.

M'zaka zimenezi ndinaphunzira zinthu zimene palibe anandiuzapo. Nkhope ya munthu wothyola tiyi ili ndi mitundu iwiri. Pamphumi, pamene pamakhala duku chaka chonse, pamakhala poyererapo, pamene masaya ndi mphuno zimapsa ndi dzuwa. Ukatengera mtundu wa pamphumi, mkwatibwi amatuwa. Ukatengera wa pamasaya, amaoneka ngati wavala chigoba. Malo oyesera ndi pansagwada, pamene nkhope imakumana ndi khosi, ndipo uyesere panja, pamthunzi, osati pansi pa babu. Ndinaphunziranso kuti mafuta ochuluka pansi pa paudala amasanduka phala dzuwa likakwera, ndiye khungu umayamba kulikonza milungu ingapo ukwati usanafike, ndi madzi, sopo wosaluma ndi gilisalini pang'ono, kuti pa tsikulo lisafune zambiri. Nsidze sumazimeta n'kujambula zina ngati za chidole, umangozipesa ndi kudzaza pamene paperewera. Pamilomo umapaka n'kupukutanso, chotsalacho ndiye chokwanira. Wojambula zithunzi wina wa pa Thyolo anandionetsa kuti kuwala kwa kamera kumatulutsa paudala amene maso sakumuona, moti kuyambira pamenepo ndinkachepetsanso ngakhale pamene ndinkaona ngati ndachepetsa kale. Ndipo mkwatibwi aliyense, tsiku loyeserera, ndinkamutuma kukwera kamtunda ka kuseri kwa holo n'kubwerera, kuti ndione chimene thukuta lichite.

Lamulo langa linali limodzi: mayi ake amuzindikire ali patali.

A Chimwaza atamva, anandiitanitsa. "Mayi Nakhumwa, holo ino si saluni."

"Bwana, pa silabasi pali mutu wa ukhondo wa pathupi."

"Ukhondo ndi kusamba, mayi. Inu mukupaka anthu dothi."

Anandilembera kalata yochenjeza, ndipo ndili nayo. Tinagwirizana kuti zimenezi ndizichita kunja kwa nthawi ya ntchito komanso kunja kwa holo. Iwo ankaona ngati andilanga. Sankadziwa kuti pansi pa mtengo ndi pamene kuwala kunali kwabwino.

2002

Chaka cha njala maukwati anachepa. Ochepa amene ndinawakonza anali ndi masaya olowa ndi milomo yosweka. Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa, koma njala ilibe paudala wake. Sindikufuna kulemba zambiri za chaka chimenechi.

2003

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandichititsa kulemba mutu uno. Mwini wake ndamupempha, ndipo wandilola.

Esinati anali mtsikana wothyola tiyi, wochokera kwa Changata, wa manja achangu ndi pakamwa pofatsa. Anapalana ubwenzi ndi Yosefe, kalaliki wa pasikelo pamene othyola amapimitsa madengu awo. Yosefe anali wa ku Makwasa, mwana wa Mayi Muhiwa, namwino wopuma ntchito komanso mmodzi wa amayi otsogolera mu mpingo wawo wa Sabata. Mayiwa sanakondwe kuti mwana wawo akutenga wothyola tiyi. Anavomera pokhapokha Esinati ataphunzira za mpingowo n'kubatizidwa, ndipo ngakhale pamenepo anthu ankati avomera ndi pakamwa pokha.

Mayi Muhiwa ankadziwika ndi chinthu chimodzi. Mpingo wawo umaphunzitsa kuti munthu asadzikongoletse ndi zopakapaka, ndipo iwo anali ndi njira yawoyawo yotsimikizira. Pa ukwati uliwonse ankalowa m'kachipinda kodikiriramo akwatibwi atanyamula kampango koyera, n'kupukuta tsaya ndi milomo ya mkwatibwi ndi operekeza onse. Kampangoko kakada, mwini nkhope ankapita kumpopi kukasamba anthu akuona. Ndinafufuza ngati zimenezi zinalembedwa penapake, ndipo mphunzitsi wina wa mpingowo anandiuza kuti ayi, ndi changu cha mayiwo basi. Koma panalibe wolimba mtima wowaletsa.

Esinati anabwera kwanga kudzayesa diresi. Titatha anangokhala pampando osatsanzika.

"Amayi, ndimafuna mundione kumasoku."

"Iwe, ukwati wako ndi wa ku Makwasa. Kumeneko ntchito yanga imathera m'khosi."

Anamasula duku lake, limene ndinali ndisanamuonepo atavula, nakankhira tsitsi kumbuyo. M'mbali mwa mphumi, pafupi ndi makutu, munali mphini, zitatu uku zitatu uku, zotuwirapo kusiyana ndi khungu lake.

"Ndili mwana ndinadwala malungo mpaka kumakomoka," anatero. "Ananditengera kwa sing'anga. Ine sindikumbukanso n'komwe."

"Yosefe akudziwa?"

"Akudziwa. Amati n'zazing'ono. Koma amene adzaime ndi kampango si iyeyo."

Anandifotokozera zimene ndinali nditaziona kale. Pa tsiku la ukwati duku kulibe, tsitsi amalikokera kumbuyo kuti velo ikhale. Apongozi ake akadzaona mphinizo adzati mtsikanayu ngwa zamankhwala, kapenanso kuti kwawo kuli matenda akugwa. Akazibisa ndi paudala, kampango kadzamugwira.

"Akadzanditumiza kumpopi nditavala diresi, amayi, m'tchalitchimo sindidzalowa. Ndidzangopitirira mpaka kwa Changata. Ndipo akadzaona mphinizi n'kuyankhula pagulu, n'chimodzimodzi. Ndiye ndipangeni kuti ndisaoneke kuti mwandipanga."

Ndinamuuza kuti abwerenso, ndiganize kaye. Ana anga, mumandidziwa. Ine sindine wa mpingo umenewo, koma malamulo a eni ndimawalemekeza, ndipo chinyengo ndimadana nacho. Ndinadziuza kuti kubisa chipsera si kudzikongoletsa. Kenako ndinadzifunsa kuti ngati n'zoona, bwanji osapita kwa Mayi Muhiwa kukawauza poyera? Yankho linali lakuti chinsinsicho sichinali changa. Bambo anu anati, "Zisiyeni, mudzayaluka limodzi ndi mwana wa eni." Ankanena zoona. Zikanadziwika, dzina langa likanaipa kuyambira ku Makwasa mpaka kwa a Chimwaza, amene ankangodikira chifukwa. Koma ndinkangoona tinjira tiwiri ta misozi tija pa nkhope ya Felesiya. Ndiponso, ndisabise, mtima wanga wofuna kudziwa unkandikoka: kodi n'zotheka kukonza nkhope mpaka namwino wa maso akuthwa osaona kanthu?

Ndinavomera, koma ndinaika malire. Mtundu ndidzaika pa mphini pokha. Masaya, milomo, nsidze, zonse zidzakhala mmene Mulungu anazisiyira.

"Olo pang'ono pokha pamilomo, amayi? Pachithunzi ndidzaoneka ngati ndikudwala."

"Olo kadontho. Uzimwa madzi, uzidzola gilisalini, ndipo usiye kudziluma milomoyo."

Mphini zinandiphunzitsa zatsopano. Paudala wouma ankakhazikika m'mizeremo n'kuzionetsa kuposa kale. Ndinayesa kupaka dera lonselo, koma linkaoneka ngati chigamba pa thalauza. Mapeto ake ndinasakaniza katondo wokazinga kwambiri ndi kadontho ka gilisalini, n'kumadontheza ndi nsonga ya nthenga ya nkhuku pa mzere uliwonse paokha, kenako kusindikiza ndi chala mpaka malire atasowa. Tsitsi ndinaliluka kuti ligwere pang'ono m'mbalimo, velo n'kubwera pamwamba.

Maukwati a mpingo umenewo ankachitika Lamulungu, ndipo kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka madzulo Esinati sakanagwira chilichonse. Ndiye kuyeserera komaliza kunali Lachisanu masana. Kunja kunali mitambo ndi kamphepo kozizira. Anakwera kamtunda kaja n'kubwerera, nkhope ili gwa, yopanda thukuta. Ndinaitana mayi ake omubereka, amene anali atafika kale kudzakonzekera, n'kuwafunsa ngati akuona chachilendo. Anamuzungulira, namuyang'ana uku ndi uku.

"Mwamupanga chiyani? Ndi yemwe uja." Kenako anagwira pakamwa. "Iii, nanga mphini zija zapita kuti?"

Ndinagona mokhutira. Chimene sindinachiyese ndi dzuwa.

Lamulungu kunacha ndi dzuwa loswa mtengo. Ndinamukonza m'mawa, tinakwera pikapu, iye kutsogolo pakati pa dalaivala ndi ine, ndipo pofika ku Makwasa galimotoyo inali ngati uvuni. Kabotolo ka katondo ndi nthenga ija ndinazimangirira pa mfundo ya chitenje changa. Anatilowetsa m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, ka malata otsika ndi zenera limodzi. Munali operekeza, mayi ake a Esinati, ndi amayi awiri a mpingo. Ndinkafuna kuyang'ana pansi pa velo koma maso anali ambiri.

Kenako analowa Mayi Muhiwa. Aka kanali koyamba kuwaona pafupi. Anali aafupi, owongoka, atavala zoyera, duku lawo litatsika mpaka pansidze. Anapereka moni kwa aliyense mwaulemu, natulutsa kampango kosita bwino.

Anayamba ndi operekeza. Tsaya, milomo, kuyang'ana kampango, wotsatira. Kamtsikana kena kanayamba kuseka ndi mantha.

"Mukuseka chiyani? Mwabisa kanthu?"

"Ayi, amayi, mukundigirigisha."

Atafika pa Esinati anaima kaye. Anapukuta tsaya lamanja. Poyera. Lamanzere. Poyera. Milomo. Poyera. Anandiyang'ana ine, chifukwa mbiri yanga ankaidziwa, ndipo ndinaona kuti adabwa.

"Chabwino," anatero.

Ndinatulutsa mpweya. Koma nthawi yomweyo dontho la thukuta linatsika kuchokera pansi pa velo, m'mbali mwa khutu. Mayi Muhiwa sankafufuzanso kanthu. Linali dzanja la unamwino chabe, lozolowera kupukuta odwala. Analowetsa kampango pansi pa velo, napukuta, nakatulutsa. Pa nsalu yoyerayo panali mzere wofiirira.

Iwo anali atafulatira anthu ena onse. Amene tinaona tinali atatu: iwo, Esinati ndi ine. Esinati anatseka maso. Mayi Muhiwa anayang'ana kampangoko, kenako anakweza m'mphepete mwa velo ndi chala chimodzi. Mphini zitatu zinali poyera, zonyowa, ngati zatemedwa dzulo. Anaziyang'ana nthawi yaitali, moti mmodzi wa amayi a mpingo aja anafunsa kuti, "Kwagwanji, mayi?"

Mayi Muhiwa anayankhula ndi Esinati chapansipansi, ndipo anayankhula m'Chilomwe. Mayi amene aliyense ankamudziwa ndi Chichewa cha m'buku chosakaniza ndi Chingerezi cha kuchipatala! Ine Chilomwe ndimamva, ndinakulira momwemo.

"Munali wamkulu bwanji?"

"Sindikumbuka, amayi. Ndinali wakhanda ndithu."

"Munachira?"

"Ndinachira."

Anapinda kampango kaja kawiri, banga lili mkati, nakafumbata. Atatembenuka nkhope yawo inali ngati kale.

"Ali bwino. Tulukani mukafole pakhomo. Velo iyi yapendama, ine ndi atelalawa titsale tiikonze."

Onse atatuluka anatseka chitseko. "Mayi Nakhumwa, zipangizo zanu mwabwera nazo?"

Ndinaganiza zokana. Koma ndinangomasula mfundo ya chitenje.

"Bwezeranipo pamene ndawonongapo. Fulumirani, abusa sadikira."

Velo anaigwira okha. Ndinaumitsa thukuta, ndinaviika nthenga, n'kuyamba kudontheza. Iwo anaweramira pafupi, kuyang'anitsitsa ngati mwana wasukulu.

"Osapaka ponse?"

"Ayi. Ponse pamaoneka. Pamzere pokha."

"Mumagula kuti?"

"Sindigula. Ndi katondo."

"Katondo wa pansi yemweyu?"

"Yemweyu. Wosefa ndi wokazinga."

"Dothi," anatero. "Chabwino. N'komwe tinachokera." Kenako anayang'ana Esinati, amene misozi inali italengeza. "Inu apongozi, musayerekeze kulira. Mayiwa avutika kale kawiri."

Potuluka anandikankhira kampango kaja m'manja. "Mukachape kapena mukataye. Kwanga kasafike."

Ukwati unayenda bwino. Kumadyerero ndinkangomva amayi akunong'onezana kuti, "Ulendo uno Mayi Nakhumwa sanagwireko ntchito, angodzadya mpunga." Zithunzi zitatuluka, Yosefe anakaonetsa kuofesi, ndipo a Chimwaza anandiitana dala.

"Mwaona, mayi? Mwana wokongola safuna zopakapaka zanu zija. Taonani mmene akuwalira, wopanda kanthu kalikonse."

Ndinati, "Zoonadi, bwana." Pa moyo wanga wonse wa ntchito sindinamezepo mawu owawa ngati amenewo. Ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo, ndipo umboni wa ubwino wake unali wakuti palibe akanandiyamikira. Ndiwo masewera anga amenewo.

2008

Funso limodzi linatsala, ndipo linandivutitsa zaka zonsezi. N'chifukwa chiyani Mayi Muhiwa anapinda kampango kaja? Ndinkaganiza za Chilomwe chija. Ndinkaganizanso za duku lawo lotsika mpaka pansidze, limene palibe amene ndinamufunsa anawaonapo atavula, ngakhale anzawo a kuchipatala. Tikakumana pamaliro kapena pamsika tinkapatsana moni, ine maso ali m'mbali mwa dukulo, iwo n'kumandiyang'ana ngati akudziwa chimene ndikufuna. Kampango anapitiriza kuyenda nako m'maukwati, sanasinthe. Ndinamva kuti chaka chotsatira anatumiza operekeza awiri kumpopi.

Anadwala nthawi yaitali, ndipo amene anawasamalira mpaka tsiku lomaliza ndi Esinati. Ana awo aakazi anali kutali. Esinatiyo ankawadyetsa, kuwatembenuza ndi kuwasambitsa. Maliro atatha ndinadikira kuti misozi iume, kenako ndinapita kukamuona. Ndinamupeza akuyanika zovala, mutu uli pamtunda wopanda duku, tsitsi atalikokera kumbuyo, mphini zili poyera kuti aliyense wofuna aone. Tinacheza za ana ndi za mvula. Kenako ndinalephera kupirira.

"Esinati, pamene unkawasambitsa apongozi ako, duku ankavula?"

"Ankavula."

"Nanga?"

"Nanga chiyani, amayi?"

"Iwe, usandizunguze. M'mbali mwa mphumi mwawomo munali chiyani?"

Anaseka mpaka anakhala pa ndowa. "Amayi, inu zanga munandisungira zaka zonsezi, osauza olo bwana wanu uja pamene ankakunyozani. Lero mukufuna ine ndiulule za eni?"

"Ine sindiuza munthu. Ndikungofuna kudziwa."

"Ndikudziwa kuti mukungofuna kudziwa. Mukhale choncho. Ndikuthireni tiyi?"

Ndinamwa tiyiyo ndili wokwiya, ndipo mpaka lero sindikudziwa. Zanga zonse ndili ndi mapepala ake, koma ichi chokha ndilibe.

Kampango kaja sindinachape, sindinataye. Kali mu envelopu yakhaki pansi m'sutikesi muja, pamodzi ndi pepala la mawu otsanzikana nane aja. Mukadzakapeza mudzaona kabanga kofiirira pakati pake. Iwe Tamanda makamaka, ndi changu chako chija cha sopo: usadzakachape.